Kampata kochepa ngati tsitsi kamene kanagoneka njinga ya kabaza

Mng'ono wanga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tinaigula mosonkherana, ine theka iye theka, ndipo ndi imene imadyetsa banja lake. Chaka chatha hedi ya injini yake inatopa: mazinga a pulagi anali atadyeka, ndipo oyilo ankachucha m'mbali. M'malo moikonzetsa, anagula hedi yatsopano ya mavalavu okulirapo pofuna kuti njinga izikwera chitunda bwino ikanyamula munthu ndi katundu. Amakaniko ena anaimanga tsiku limodzi. Madzulo ake anabwera nayo kwathu akumwetulira.

"Achimwene, tamverani," anatero. "Tiki-tiki uja watheratu. Ikungong'ung'udza ngati yatsopano."

Inenso ndinayamikira, osadziwa kuti kukhala chete kumeneko ndiye kunali vuto. Patatha masabata atatu njinga inayamba kuvuta kulira m'mawa. Kiki inafewa, ankaiponda mpaka thukuta kamukamu. Ikalira, pachitunda inkafooka n'kumaphulika kuekizozi. Tsiku lina inangokaniratu, anzake akunyamula makasitomala iye ali chiimire.

Chimene chinalakwika chinali kampata ka mamilimita 0.08, kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Nkhani ya kampata kameneka ili ndi mitu iwiri ya fizikisi imene mumailemba pamayeso: ma lever, ndi kufutukuka kwa zinthu zikatentha. Ndiye tiyeni tiione bwinobwino.

Injini imapuma bwanji

Injini zambiri za njinga zamoto ndi zamagalimoto zimagwira ntchito m'magawo anayi, njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa mu 1876. Poyamba pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Kachiwiri imakwera n'kupanikiza mpweyawo. Kachitatu pulagi imathetheka, mpweya umayaka n'kukankhira pisitoni pansi, ndipo apa ndi pamene pamachokera mphamvu. Kachinayi pisitoni imakweranso n'kutulutsa utsi.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika zitseko ziwiri: valavu yolowetsa mpweya ndi valavu yotulutsa utsi. Zonse zimakhala mu hedi, chivundikiro cholemera chija chimene chimamangidwa pamwamba pa silinda. Valavu imaoneka ngati bowa wadzondo lalitali. Chipewa chake chimakhala m'kati, moyang'anizana ndi moto, ndipo sipuling'i yolimba imachikokera pampando wake kuti mpweya usadutse. Pagawo lachiwiri ndi lachitatu mavalavu onse awiri ayenera kutsekeka kotheratu. Ikangotsala yotseguka pang'ono pokha, mpweya wopanikizidwa uja umathawa.

Chimene chimatsegula mavalavu ndi camshaft, kamtengo kachitsulo kokhala ndi linunda. Camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Tiyeni tiwerenge. Injini ikamazungulira maulendo 6,000 pamphindi, camshaft ikuzungulira maulendo 3,000, ndipo valavu iliyonse ikutseguka ndi kutsekeka maulendo 50 pasekondi imodzi. Yesani kuphethira maulendo 50 pasekondi muone.

Injini ya njinga yathu inapangidwa motsanzira Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Pa injini zoterezi camshaft ili pansi, kutali ndi mavalavu. Linunda lija limakankhira m'mwamba kandodo kotchedwa pushrod, ndipo pamwamba pa hedi pali kachitsulo kamene kamatembenuza kukankha kokwera kuti kukhale kotsika. Kachitsulo kameneka ndiye rocker arm.

Rocker arm ndi lever wamba

Kumbukirani masewera aja oika thabwa pachipika, mwana mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, uyu akakwera uyo atsika. Rocker arm ndi chimodzimodzi. Ili ndi potsamira pakati, pushrod mbali imodzi, valavu mbali inayo. M'kalasi timati ndi lever ya gulu loyamba.

Koma potsamira pake sipakhala pakati penipeni. Mkono wa kuvalavu umakhala wautali kuposa wa ku pushrod. Tiyerekeze kuti kuchokera potsamira kufika pa pushrod pali mamilimita 20, ndipo kufika pavalavu pali mamilimita 30. Tikagawa 30 ndi 20 tipeza 1.5. Ndiye kuti pushrod ikakwera mamilimita 6, valavu itsika mamilimita 9. Chiwerengero cha 1.5 si chongopeka, ndi chimene chili pa injini zotchuka za small-block za Chevrolet ku America, ndipo anthu ofuna mphamvu zambiri amaikamo ma rocker arm a 1.6.

Paja mu fizikisi mulibe chaulere. Ukapindula pamtunda, umalipira pamphamvu. Ngati sipuling'i ikukana ndi mphamvu ya 300 N, lamulo la ma moment likuti 300 × 30 = F × 20, choncho pushrod iyenera kukankha ndi mphamvu ya 450 N.

Sungani mfundo iyi, tiifuna posachedwa: chilichonse chimene chasintha mbali ya pushrod chimafika kuvalavu chitachulukitsidwa ndi 1.5. Lever sisankha. Imakulitsa kuyenda kofunika, imakulitsanso cholakwika.

N'chifukwa chiyani pamasiyidwa mpata?

Valavu ikatsekeka, nsonga ya rocker arm siyenera kuikhudza. Pamayenera kutsala kampata. Amakaniko akamati "tisete matapeti" amanena zokonza kampata kameneka. Pa Honda CG125 buku lake limati kakhale mamilimita 0.08 injini ili yozizira. Kuti mukhale ndi chithunzi, pepala la m'kope lanu ndi lokhuthala pafupifupi mamilimita 0.1.

Nanga bwanji osangozigundanitsa kuti phokoso lithe? Yankho munalimvapo kale padenga. Dzuwa likaswa mtengo malata amalira "tha! tha!" chifukwa akufutukuka n'kumakokana ndi misomali. N'chifukwa chakenso panjanji zakale pamakhala timipata polumikizira. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo timawerengera motere:

kutalika kowonjezereka = α × kutalika koyamba × kusintha kwa kutentha

Chilembo cha α chikuimira mmene chinthu chimafutukira pa digiri imodzi. Chitsulo cha steel chili pafupifupi 0.000012, cast iron pafupifupi 0.000011, pamene aluminiyamu ali pafupifupi 0.000023, kuwirikiza kawiri.

Tsono titenge valavu yotulutsa utsi yotalika mamilimita 80. Chipewa chake chimatha kufika madigiri 700 kapena kuposa, koma kumtunda kwa dzondo n'kozizirirapo. Tiyerekeze kuti valavu yonse yatentha ndi madigiri 250 tikatengera pakatikati. Ndiye 0.000012 × 80 × 250 = 0.24. Valavu yatalika ndi mamilimita 0.24.

Wophunzira watcheru afunsa pomwepa: "Aphunzitsi, 0.24 ndi katatu ka 0.08. Ndiye kampata kaja kakwanira bwanji?" Funso labwino kwambiri. Valavu sikufutukuka yokha. Hedi nayo ikufutukuka, silinda ikufutukuka, ndipo zikamatero zimanyamula rocker arm n'kuitalikitsa. Pushrod nayo ikutalika, n'kumabweza mpatawo. Zina zikutseka, zina zikutsegula. Chiwerengero cha m'buku ndi chotsala opanga injini atawonkhetsa ndi kuchotsera zonsezi, kenako n'kuyesa pa injini yeniyeni. Kampata kameneka ndi yankho la samu imene ili ndi hedi m'kati mwake. Mukasintha hedi, mwasintha samu.

Zimene zimasintha mukamanga hedi ina

Choyamba ndi msinkhu. Hedi ziwiri sizifanana ndendende, ndipo gasiketi yatsopano ikhoza kukhala yopyapyala kapena yokhuthala kuposa yakale. Ena amapalitsa hedi pamakina kuti isalale kapena kuti mpweya uzipanikizika kwambiri. Tiyerekeze kuti apalapo mamilimita 0.2. Hedi yonse yatsika ndi 0.2, koma pushrod ikadali yotalika chimodzimodzi. Kwa rocker arm zili ngati pushrod yatalika ndi 0.2. Chulukitsani ndi 1.5 uja, mupeza kuti kuvalavu kwachoka mamilimita 0.3. Ngati mpata unali 0.08, watha wonse ndipo valavu yatsala yotseguka. N'chifukwa chake pa injini zamagalimoto akasintha hedi amayezanso ngati ma pushrod akale akadali oyenera, n'kuonetsetsa kuti nsonga ya rocker arm ikugunda pakati pa mutu wa valavu, osati m'mphepete. Ikamagunda m'mphepete imakankhira valavu cham'mbali n'kumadya njira imene valavuyo imayendamo.

Chachiwiri ndi mtundu wa chitsulo. Anthu ambiri amachotsa hedi ya cast iron n'kuikapo ya aluminiyamu chifukwa ndi yopepuka ndipo imataya kutentha msanga. Tengani chidutswa chotalika mamilimita 100 chitatentha ndi madigiri 80. Cha cast iron chitalika ndi 0.000011 × 100 × 80 = 0.088. Cha aluminiyamu chitalika ndi 0.000023 × 100 × 80 = 0.184. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.1, kukula kwa kampata konse kaja. Choncho pa hedi ya aluminiyamu mpata umakonda kukula injini ikatentha, ndipo chiwerengero chimene chinkagwira pa hedi yakale sichingagwirenso. Ngati hedi kapena camshaft yatsopano yabwera ndi chiwerengero chake, tsatirani chimenecho, ndipo onetsetsani ngati akunena za injini yotentha kapena yozizira.

Chachitatu ndi kukhazikika. Zinthu zatsopano sizikhala mmene munazisiyira. Injini ikatentha ndi kuzizira kangapo, gasiketi imaphwatalala pang'ono. Valavu yatsopano ikamamenya pampando wake watsopano imalowerera pang'ono, ndipo dzondo lake limatulukira kumtunda n'kuyandikira rocker arm. Zonse ziwirizi zimachepetsa mpata.

Nditamufunsa bwino mng'ono wanga, nkhani inaoneka poyera. Amakaniko aja anaseta matapeti ndi khutu basi, injini ili yofunda, mpaka phokoso litatha. Patapita sabata anabwerera nayo ndipo anamangitsanso mabawuti a hedi, zimene zili zoyenera, koma sanayezenso mpata. Hedi inatsika pang'ono, mavalavu anakhazikika, ndipo kampata kamene kanali kochepa kale kanatheratu.

Choopsa n'chiti, mpata waukulu kapena waung'ono?

Mpata ukakulitsa, rocker arm imayamba yayenda pachabe kenako n'kumenya valavu ngati hamala. Ndiye tiki-tiki uja. Valavu imachedwa kutseguka, imafulumira kutsekeka, injini sipuma mokwanira, ndipo zitsulo zimadyeka. Ndi vuto ndithu, koma ndi vuto lodziulula. Umalimva.

Mpata ukachepetsa, injini imakhala chete, ndipo mwini wake amakondwa ngati mmene tinakondwera ife. Koma valavu sikukhala bwino pampando. Mpweya wopanikizidwa umathawa, n'chifukwa chake kiki inafewa. M'mawa, hedi ya aluminiyamu ili yozizira ndi yofupika, mpata umakhala wochepetsetsa, n'chifukwa chake njinga inkavuta kulira. Pachitunda valavu yotulutsa utsi inkatentha kwambiri n'kutalika, mphamvu n'kumathawira kuekizozi.

Choopsa chenicheni ndi kutentha. Valavu ilibe madzi oiziziritsa. Njira yaikulu imene imatayira kutentha ndi kukhudza mpando wake: nthawi iliyonse ikatsekeka, kutentha kumadutsa kuchoka m'chipewa kulowa mu hedi. Ndi conduction yomwe ija ya supuni ya mutiyi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kutentha kwa valavu amatuluka njira imeneyi. Ikapanda kukhudza bwino, kutentha kumaunjikana, ndipo moto umene ukudutsa pakampata kotsalako umaocha m'mphepete mwake ngati wowotcherera zitsulo. Mapeto ake valavu imapsa n'kubenthuka.

Yathu inali itayamba kale kupsa. Amakaniko ena achikulire anachotsa hedi, n'kuthira palafini m'njira ya utsi valavu ili yotseka. Palafini anadontha. Tinagula valavu ina, iwo anaipekesa pampando ndi phala lokhakhala mpaka inakhala bwino. Mng'ono wanga anataya ndalama ya valavu, ya gasiketi ina, ya amakaniko, ndi masiku anayi osagwira ntchito. Tikanachedwa, mpando ukanawonongeka ndipo hedi yatsopano ija ikanapita.

Mmene tinasetera

Ndinapempha kuti ndionerere, ndipo ndinalemba ndondomeko yake.

1. Injini ikhale yozizira, makamaka yoti yagona usiku wonse, popeza chiwerengero chathu ndi cha injini yozizira.

2. Mabawuti a hedi amangidwe kaye mokwanira. Kuseta mpata kumabwera pambuyo, chifukwa kumanga hedi kumasintha mpata.

3. Chotsani chivundikiro cha pamwamba kuti ma rocker arm aoneke. Chotsaninso pulagi kuti injini izizungulira mosavuta.

4. Zungulitsani injini ndi sipanala mpaka chilembo cha T cha pa flywheel chilunjike pakachizindikiro kake. Apa pisitoni ili pamwamba penipeni. Koma samalani: pisitoni imafika pamwamba kawiri pa magawo anayi aja. Ife tikufuna pamene yamaliza kupanikiza mpweya, mavalavu onse ali otseka. Yang'anani valavu yolowetsa mpweya itseguke, itsekeke, kenako T wotsatira ndiye wake. Mukaseta pa T winayo, mwaseta zolakwika.

5. Lowetsani feeler gauge pakati pa nsonga ya rocker arm ndi mutu wa valavu. Feeler gauge ndi timalilime tachitsulo topyapyala, kalikonse kolembedwa kukhuthala kwake. Kalilime koyenera kalowe mokokera pang'ono. Kakamalowa mopanda kukhudza, mpata wakula. Kakamakana, wachepa.

6. Masulani nati yotsekera, potozani kasikulu koseterako pang'onopang'ono mpaka kalilime kayambe kugwira, ndipo gwirani kasikuluko kasasunthe pamene mukumanga nati.

7. Yezaninso. Pomanga nati kasikulu kamakonda kutsatira, ndipo mpata umasintha. Zungulitsani injini kawiri, bwererani pa T, muyezenso kachitatu.

Amakaniko aja anabwereza valavu imodzi kanayi asanakhutire. Mng'ono wanga atayamba kutopa, iwo anangoti, "Aphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Anamuuzanso kuti abwere nayo akayenda makilomita mazana angapo kuti ayezenso, chifukwa valavu ndi gasiketi zatsopano zikhala zitakhazikika. Atabwerera, mpata wa valavu yotulutsa utsi unali utachepa kale pang'ono. Anaubwezera m'malo, ndipo kuyambira pamenepo timayeza nthawi ndi nthawi monga buku likunenera.

Kodi injini zonse zimafuna zimenezi?

Ayi. Magalimoto ambiri ali ndi ma hydraulic lifter, timasilinda ting'onoting'ono todzaza oyilo timene timadzitalikitsa tokha n'kutseka mpata nthawi zonse. Komabe pomanga hedi yatsopano pa injini zotere, kapisitoni ka m'kati mwake kamayenera kukhala pamalo oyenera, osati kothinitsidwa mpaka pansi. Injini zina zili ndi camshaft pamwamba pa hedi, ndipo mpata amausintha poika timbale tachitsulo tokhuthala mosiyanasiyana totchedwa ma shim. Njira ndi zosiyana, koma vuto limene akulimbana nalo ndi limodzi: chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo valavu iyenera kutsekeka.

Chenjezo pang'ono. Musakamasule njinga ya bambo kapena ya amalume poti mwawerenga izi. Pemphani amakaniko kuti muonerere, ndipo musakhudze injini kapena ekizozi imene yangozimitsidwa kumene.

Yesani nokha

1. Pushrod ya steel yotalika mamilimita 150 yatentha ndi madigiri 70. Yatalika ndi mamilimita angati?

2. Pa rocker arm ina, mkono wa ku pushrod ndi mamilimita 20, wa kuvalavu ndi mamilimita 32. Pushrod ikakwera mamilimita 6.5, valavu itsika motani?

3. Pa injini ya funso lachiwiri mpata unali mamilimita 0.15. Hedi yapalidwa ndi mamilimita 0.1 ndipo palibe amene wasetanso matapeti. Kodi valavu itsekeka?

4. Injini ikuzungulira maulendo 4,800 pamphindi. Valavu imodzi ikutseguka kangati pasekondi?

Mayankho: loyamba ndi 0.126, lachiwiri ndi 10.4, lachitatu ndi ayi chifukwa kuvalavu kwachoka 0.16 pamene mpata unali 0.15, ndipo lachinayi ndi 40. Ngati mwalakwa lachitatu, mwina mwaiwala kuchulukitsa ndi 1.6. Bwererani pagawo la lever lija.

Njinga ija tsopano ikulira ndi kiki imodzi. Mukaimirira pafupi m'mawa mumva tiki-tiki wapansipansi, amene amachepa injini ikafunda. Mng'ono wanga anagula feeler gauge yakeyake ndipo amaisunga pansi pampando limodzi ndi masipanala. Tsiku lina ndinamupeza pasiteji akufotokozera mnzake chifukwa chake injini yozizira ndi yotentha siziyezedwa mofanana. Atandiona anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, fizikisi yanu ija ndikanaimvetsera kusukulu, valavu ija sindikanagula."